Mmene ndinakonzera mipando yachikopa ya m'galimoto yanga ataiwononga kotsukira

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa mipando ya m'galimoto yanga yabwerera mwakale, ngakhale kuti m'mphepete mwa mpando wa dalaivala mwatsala kachipsera kamene ndimakaona nthawi iliyonse ndikatsegula chitseko. Zanditengera masabata atatu kuti ndifike pamenepa, ndipo mwa masiku onsewo pali limodzi limene limandiwawabe ndikalikumbukira, tsiku limene ndinaswera pamalo otsukira galimoto kudikira munthu amene sanabwere n'komwe.

Galimotoyi ndinaigula kwa munthu amene anali ataiyendetsa kale kwa zaka zingapo, ndipo mipando yake ndi yachikopa choyererako. Patapita miyezi yochepa ndinaona kuti pamene ndimakhala payamba kuoneka buluu, kwinaku mpando wonse ukunyezimira. Buluuyo unali utoto wosuluka ku mathalauza a jinzi, umene umamatirira msanga pa chikopa choyera, makamaka munthu akatuluka thukuta. Kunyezimirako ndinkakuona ngati chizindikiro chakuti chikopacho chili bwino, koma ndinadzadziwa pambuyo pake kuti chikopa cha m'galimoto chikakhala chaukhondo sichiwala kwenikweni. Chimene chimawala ndi thukuta, mafuta a pakhungu ndi fumbi zimene zaunjikana n'kusalala chifukwa chokhaliridwa tsiku ndi tsiku.

Ndinapita nayo pamalo ena otsukira galimoto, ndipo ndinanena momveka bwino kuti mipandoyo ndi yachikopa, ikufuna dzanja lofatsa. Mnyamata amene anandilandira anandiyankha kuti, "Musade nkhawa bwana, imeneyi ndi ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku." Ndinamupatsa makiyi n'kuchoka osafunsa kuti agwiritsa ntchito mankhwala anji. Nditabwerako ndinapeza mipando ikuwala ngati yathiridwa mafuta. Popita kunyumba, nthawi iliyonse ndikaponda mabuleki thupi linkatsetsereka kupita kutsogolo, ndipo chiwongolero, chimenenso anachipaka zomwezo, chinkaterera m'manja, zimene ndi zoopsa kwambiri pamsewu. Kutacha, ndinaika dzanja pampando n'kumva kuti pakumata, fumbi litayamba kale kukakamirapo. Nditayang'anitsitsa m'mphepete mwa mpando wa dalaivala, mbali ya kuchitseko, ndinaona kuti utoto wachoka pamalo aakulu ngati chikhatho, ndipo pansi pake pakuoneka chikopa chotuwa, chokhakhala.

M'mawa womwewo ndinapempha chilolezo kuntchito n'kubwerera kumeneko. Ndinafika nthawi ya 8 koloko isanakwane. Mnyamata uja atandiona anati nkhani zotere amaweruza ndi mkulu wa pamalopo, ndipo akubwera posachedwa. Ndinakhala pabenchi n'kumadikira. Kudikirako kunandipatsa mpata woona ndi maso anga mmene amagwirira ntchito pa galimoto za anthu ena, ndipo zimene ndinaonazo zinandikwiyitsa kuposa chipsera chenichenicho. Panali chigubu chimodzi chopanda dzina kapena malemba alionse, ndipo madzi a mmenemo ankatsukira matayala, injini ndi makapeti, kenako n'kupoperanso pamipando. Burashi yolimba imene yangochoka kumene pa kapeti yodzaza mchenga inkapita pampando osaitsukuluza n'komwe. Nsalu imene yapukuta dashibodi ndi polishi wowalitsa ndi yomweyo imene inkamalizira mipando ndi chiwongolero. Dzuwa linafika paliwombo, ndipo nditafunsanso anandiuza kuti mkuluyo wapita kukagula katundu. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, ingondiuzani chabe dzina la mankhwala ali m'chigubumo," koma aliyense ankaloza mnzake. Cha m'ma 4 koloko madzulo m'pamene anamuimbira foni, ndipo mkuluyo, amene sanaone n'komwe mpandowo, ananena kuti chikopacho n'chakale, chikanasupuka chokha. Ndinali nditasiya kale kuganiza zoti andibwezere ndalama. Chimene ndinkafuna chinali dzina la mankhwalawo basi, kuti amene akakonze mpandowo akadziwe chimene akulimbana nacho, koma ndinachoka dzuwa likulowa ndilibe ngakhale yankho laling'ono limenelo.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire amene amasoka ndi kukonza mipando ya galimoto. Asanalankhule chilichonse, anadontheza dontho limodzi la madzi pamalo abwinobwino a mpando wakumbuyo, ndipo dontholo linangokhala pamwamba osalowa. Anandifotokozera kuti chikopa cha m'galimoto zambiri chimapakidwa utoto, kenako n'kukutidwa ndi kansalu kopyapyala kosaoneka, kamene nthawi zambiri kamakhala ka polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki. Choncho munthu akamatsuka mpando, chimene akukhudza ndi chokutiracho, ndipo chikangochoka, utoto umatsatira, kenako chikopa chenichenicho chimayamba kuuma ndi kuchita ming'alu. Dontho likalowa n'kusiya banga lakuda, ndiye kuti chikopacho n'chosakutidwa kapena chokutira chake chatha, ndipo chotero sichifuna madzi ambiri ngakhale pang'ono. Anandiuzanso kuti chikopa mwachibadwa chili ndi asidi pang'ono, pH yake, umene ndi muyeso wa asidi, imakhala cha pa 5, pamene mankhwala ochotsera girisi pa injini ndi sopo waufa wochapira zovala ali mbali inayo, yotsutsana ndi asidi, ndipo mphamvu yake imafewetsa chokutiracho. Ukawonjezerapo burashi yolimba yokhala ndi mchenga, utoto sungapirire. Kuwala ndi kuterera kuja kunachokera ku polishi wa silikoni wowalitsira matayala ndi mapulasitiki.

Ntchito yochotsa polishiyo ndinaigwira ndekha Loweruka m'mawa, galimoto ili pamthunzi ndipo mipando itazizira, chifukwa pa chikopa chotentha mankhwala amauma usanawapukute n'kusiya mizere. Ndinagula mankhwala otsukira chikopa cha m'galimoto, amene pabotolo pake palembedwa momveka kuti ndi a ntchito imeneyo, burashi yofewa imene ukaikhula pa dzanja sikukanda, ndi nsalu zoyera zofewa za microfibre, za ulusi wopyapyala kwambiri. Ndinasankha zoyera dala kuti ndiziona chimene chikuchoka pampando. Ndisanayambe, ndinayesa mankhwalawo pamalo obisika, m'munsi mwa mpando pafupi ndi njanji imene mpando umayendapo, n'kudikira mpaka pataumiratu. Chinthu chimenechi musachidumphe, ngakhale botolo litalonjeza zotani. Nsalu ikatuluka ndi litsiro lakuda, zili bwino, koma ikatuluka ndi mtundu wa mpandowo, siyani pomwepo.

Mankhwala ndinkawapopera pa burashi, osati pampando. Ndinkatenga kachigawo kamodzi kokha, kuyendetsa burashi mozungulira popanda kukanikiza mpaka thovu litatuluka, kenako n'kupukuta msanga ndi nsalu yonyowa pang'ono thovulo lisanaume, n'kumalizira ndi nsalu youma. Thovu ndi limene limanyamula litsiro kuchokera m'timizere ta chikopa, mphamvu ya dzanja ilibe ntchito pamenepa. Polishi wa silikoni ndi wamakani kwambiri, moti mipando yakutsogolo ndinaibwereza katatu, ndikumalekeza kuti iume pakati pake, chifukwa kubwereza mofatsa kuli bwino kusiyana ndi kukwecha kamodzi mwamphamvu. Ulendo wachitatu ndinayendetsa chikhatho pampando n'kumva kuti kumata kuja kwatha, ndipo chikopa chabwerera ku maonekedwe ake osawala.

Ndadumpha chinthu chimene chimayenera kukhala choyambirira. Musanathire chilichonse chonyowa, chotsani fumbi ndi mchenga ndi makina okoka fumbi, mutaika kumapeto kwake kaburashi kofewa. Ine ndinagoneka chotsamira cha mpando chagada kuti mpata wa pakati utseguke, ndipo mmenemo munatuluka mchenga wodzaza dzanja. Tsegulaninso misoko ndi zala zanu pang'onopang'ono, chifukwa mchenga wobisala mmenemo umadya ulusi, ndipo ukakwera pa nsalu yanu umakanda chikopa chimene mukufuna kuchisamalira. Mchenga womwewu ndi umene unali pa burashi ya anyamata aja, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti munthu amene amatsuka galimoto tsiku lililonse angalephere bwanji kusiyanitsa burashi ya kapeti ndi ya mpando.

Pakatikati pa chikopa cha mpando uliwonse wakutsogolo pali timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri. Pamenepo m'pofunika kusamala koposa, chifukwa madzi akalowa m'timabowomo amakanyowetsa siponji ya m'kati, imene imachedwa kuuma ndipo imayamba kununkha ndi kuchita nkhungu. M'galimoto zina, pansi pa chikopa chotero pamadutsa mawaya otenthetsera mpando kapena timafani toziziritsira. Ndinkaonetsetsa kuti burashi ili ndi thovu lokha, isakudontha, ndipo timabowo timene anyamata aja anatitseka ndi polishi ndinatitsegula limodzilimodzi ndi kamtengo kosongoka, mosakakamiza. Ntchito imeneyi yokha inandidyera pafupifupi maola awiri.

Utoto wa jinzi unachoka wambiri, koma osati wonse, chifukwa unali utakhalitsa n'kulowerera m'chokutira chija. Panali chiyeso chofuna kutenga china champhamvu kuti ndimalize, koma bambo aja anali atandichenjeza kale. Spiriti, sanitaiza ya m'manja, thina ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimasungunula chokutira cha chikopa, ndipo banga limachokadi koma limachoka pamodzi ndi utoto wa mpando. Tisiponji toyera tija timene timafufuta mabanga pakhoma timagwira ntchito popala, choncho pa chikopa timachotsa chokutiracho pang'onopang'ono. Polishi wa nsapato ndi mafuta odzola sizilowa m'chikopa chokutidwa, zimangokhala pamwamba n'kumakoka fumbi ndi kudetsa zovala. Ngati mulibe mankhwala enieni a chikopa, nsalu yonyowa ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa wochepa kwambiri ndi zokwanira pa litsiro wamba, ndipo buku la galimoto yanu limanena zimene opanga ake amalola. Ngakhale sopo wofatsayo, yambani mwamuyesa pamalo obisika.

Nditamaliza, ndinatsitsa mawindo pang'ono n'kuisiya galimoto pamthunzi kuti mipando iume yokha ndi mphepo. Simuyenera kuumitsa chikopa ndi makina otentha kapena kuimika galimoto padzuwa kuti zifulumire, chifukwa kutentha kumachikwinyitsa ndi kuchiumitsa gwa. Tsiku lotsatira ndinapaka mankhwala otetezera chikopa, opangidwa ndi madzi osati mafuta, pang'ono kwambiri pa nsalu, n'kupukutanso otsala pakapita mphindi zochepa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chikopa chimafuna kumwetsedwa mafuta ambiri kuti chifewe. Pa chikopa chokutidwa, zambiri mwa zimene mwapakazo sizifika m'kati, ndipo phindu lenileni la mankhwala otetezera ndi lakuti amachepetsa kukhulana ndiponso amachititsa kuti utoto wa zovala usamatirire msanga. Pa chiwongolero sindinapake chilichonse, ndinangochitsuka mpaka chitasiya kuterera.

Chipsera chija sindikanatha kuchikonza ndekha. Bambo aja anatsuka pamalopo, kusalaza m'mphepete mwake, kusakaniza utoto mpaka utafanana ndi wa mpandowo, n'kuupaka mopyapyala kangapo, akumadikira kuti uume asanawonjezere wina, kenako anakutira pamwamba. Munthu wongokwera sangazindikire, koma ine ndimaona kuti timizere ta chikopa pamenepo ndi tosalala kuposa pena ponse. Anandiuza kuti akanadziwa mankhwala amene anathiridwapo sakanataya nthawi yoyesa kaye ngati utoto watsopano ugwira, ndipo mawu amenewo anandikumbutsanso benchi ija ndi tsiku langa lonse limene linapita pachabe.

Masiku ano ndimapukuta mipando ndi nsalu yonyowa pang'ono sabata iliyonse, ndipo kutsuka kwenikweni ndi burashi ndakonza kuti ndizichita miyezi itatu iliyonse, mpando wa dalaivala pafupipafupi kuposa pamenepo chifukwa ndi umene umazunzika kwambiri. Chinthu chikatayikira pampando ndimachitsopa ndi nsalu nthawi yomweyo, osakhula. Ndasinthanso kakweredwe, chifukwa mphepete yotukuka ya kuchitseko imatha msanga munthu akamadzikhuluza pamenepo pokwera ndi potsika, makamaka ngati m'thumba lakumbuyo muli makiyi kapena thalauza lili ndi tizitsulo. Ndikaimika galimoto ndimafuna mthunzi, ukasowa ndimatchinga galasi lakutsogolo, popeza dzuwa limasulutsa utoto ndi kuumitsa chikopa. Ndinaganizapo zovekera mipandoyo nsalu, koma m'mbali mwa mipando yakutsogolo muli ma airbag, matumba a mpweya amene amafufuma kuti ateteze munthu, ndipo chovala chosapangidwira mipando yotero chingawalepheretse kutuluka bwino pa ngozi, choncho ndinasiya.

Kunja kwa galimoto ndimakatsukitsabe, koma kwina, ndipo ndisanapereke makiyi ndimanena kuti mipando ndi chiwongolero asakhudze. Wina akaumirira kuti ali ndi mankhwala abwino a chikopa, ndimamupempha kuti andionetse botolo lake lokhala ndi dzina, ndiwerenge ndekha, ndiponso kuti ayese kaye m'munsi mwa mpando ine ndili pomwepo. Sabata yatha mnyamata wina anabwera ndi chigubu chopanda malemba, ndipo ndinangokhoma zitseko n'kumuuza kuti atsuke kunja kokha.