Mbale yobiriwira ya Lachitatu

Lolemba m'mawa ndinabweza timabotolo tinayi ta makhololo, ndipo pasanathe ola sisitala wa ku wodi ya abambo anaimba foni ku labu. "Achimwene, mukufuna odwalawa tiziwafinya?" Ndinawauza kuti m'timabotolomo munali malovu okhaokha. Malovu sabisala. Ukawapaka pakagalasi, n'kuthira utoto wa Gram woonetsa mabakiteriya, pa maikulosikopu umaona maselo akuluakulu aphanthiphanthi ochokera m'masaya ali mbwee. Akachuluka chotero timadziwa kuti munthuyo analavula, sanatsokomole kuchokera pansi pa chifuwa, ndipo chilichonse chomera pambale yathu yomeretsera mabakiteriya chikhala cha m'kamwa.

Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathu anamva zonsezo. Atakhala chete pang'ono anafunsa kuti, "Nanga bwana, tizilombo ta m'mapapo mwa munthu wabwinobwino timachokera kuti?" Ndinaseka, chifukwa yankho lake ndi m'kamwa momwemo.

Ine kusukulu anandiphunzitsa kuti m'mapapo mwa munthu wosadwala mulibe kachilombo ngakhale kamodzi, ndipo ndinakhoza mayeso ndi yankho limenelo. Ngakhale ntchito yaikulu yofufuza tizilombo tokhala m'thupi la munthu, ya Human Microbiome Project, imene inayamba ku America mu 2007 inayang'ana m'kamwa, m'mphuno, pakhungu, m'matumbo ndi kumaliseche, mapapo n'kuwadumpha. Zinasintha cha m'ma 2010, pamene ofufuza ku London anasiya kudikira kuti mabakiteriya amere pambale, m'malo mwake n'kuwerenga DNA yawo. Anawapeza m'njira za mpweya za anthu athanzi, ndipo mwa odwala mphumu anapeza Haemophilus wochuluka. Mayina amene amabwerabwera mwa athanzi ndi Prevotella, Veillonella ndi Streptococcus, onse a m'kamwa. Tikagona, timadontho ta malovu timatsetsereka kulowa m'kholingo osatitsamwitsa n'komwe. Tiubweya ta m'njira za mpweya timasesa kubwezera kumtunda, chifuwa chimatulutsa, maselo a chitetezo amadya otsala. Olowa ndi otuluka akamafanana, munthu amapuma osadziwa kanthu. Ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'matumbo, ochepa mwakuti DNA ya mabakiteriya yopezeka m'mankhwala oyezera ikhoza kuwaphimba.

Lachiwiri linatha ndi GeneXpert, makina oyezera chifuwa chachikulu. Kuika, kudikira maola awiri, kulemba, kuikanso. Msana unandiuza zaka zanga.

Lachitatu nditatsegula inkyubeta, bokosi lofunda momwe mabakiteriya amamera pambale, fungo lotsekemera linandilonjera mbale ndisanaione. Inali yobiriwira, yonyezimira ngati chitsulo, mtundu umodzi wokha kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa. Mwini wa makhololowo ndimam'dziwa pa pepala pokha: bambo amene anachira chifuwa chachikulu zaka zapitazo, koma matendawo anam'siyira njira za mpweya zotanuka, zokhala ngati timatumba momwe mamina amadikha. Ndinakatenga zotsatira zake zakale. Chaka chatha mbale zake zinali zosakanikirana, Haemophilus influenzae pang'ono pakati pa gulu lija timangolemba kuti "tizilombo ta masiku onse ta kummero". Chiyambireni walandira maantibayotiki maulendo atatu. Lero gulu lonselo kulibe, watsala mmodzi amene mankhwala aja samukhudza, ndipo malo onse ndi ake.

Wophunzira uja anati mbaleyo ndi yokongola, yosavuta kuwerenga. Zoona, ndi yosavuta. Koma pa ntchito ino mbale imene imandidetsa nkhawa ndi yoyera chotereyi. Pseudomonas akakhazikika amadzimangira nembanemba yomata imene mankhwala amavutika kuboola, ndipo kum'chotsa nthawi zambiri kumafuna jakisoni wa masiku ambiri. Tinaika timapepala ta mankhwala pambale ina kuti tione amene angam'gonjetse.

Masana adokotala anatsika okha, zimene sachita kawirikawiri. Anaima pakhomo, popeza ku labu saloledwa kulowa ndi kapu ya tiyi. Ndinawaonetsa mapepala onse motsatana. Anapukusa mutu n'kunena kuti ulendo wachiwiri uja bamboyo sankatentha thupi, anangofika akutsokomola usiku ndipo wogwira ntchito anaopa kum'bweza chimanjamanja. Sindinawaweruze. Ine ndimaona mbale, iwo amaona munthu akubanika ndi achibale ali chilili. Kenako anawonjezera kuti tsopano akutsegulanso m'mimba kwambiri, atumiza chimbudzi tiyeze bakiteriya wotchedwa Clostridioides difficile. Nkhani yake ndi yomweyo, malo okha ndiwo asintha: mankhwala apululutsa a m'matumbo, wouma mutu watsala.

Pa msonkhano wa Lachinayi ndinapatsidwa mphindi khumi, ndipo ndinalankhula za matumbowo. Mabakiteriya a m'matumbo amaphwanya faiba, mbali ija ya zomera imene thupi lathu siligaya, n'kutulutsa timaasidi monga propionate ndi butyrate. Timeneti timalowa m'magazi ndipo timasintha khalidwe la maselo a chitetezo, ngakhale amene amakathera m'mapapo. Mu 2014 ofufuza ku Lausanne anaonetsa kuti mbewa zodyetsedwa faiba wambiri sizinkatupa kwambiri njira za mpweya zikakumana ndi nthata za m'fumbi la m'nyumba. Mu 2015 ku Canada anapeza kuti makanda amene pa miyezi itatu anali ndi Faecalibacterium, Lachnospira, Veillonella ndi Rothia ochepa m'chimbudzi ankakhala pangozi yaikulu ya mphumu. Mu 2016 kunatuluka za ana a Amish, alimi a ku America olima mwachikale, amene amakulira pafupi ndi makola a ziweto ndipo mphumu imawagwira mochepa kwambiri kusiyana ndi ana a Hutterite, alimi a mafamu a makina.

Wina kumbuyo anafunsa ngati tiyambe kulembera odwala makapisozi a mabakiteriya abwino. Ndinati mbewa si munthu, ndipo ogulitsa makapisozi athamanga kusiya umboni m'mbuyo. Chimene chili m'manja mwathu ndi kutumiza makhololo enieni tisanapereke mankhwala, ndi kusapereka pamene chimfine chili cha vairasi.

Lachisanu ndinakwera kukasiya ndekha zotsatira za bambo wa Pseudomonas uja, chifukwa mankhwala awiri okha ndiwo anagwira. Podutsa chipinda cha odwala kwambiri ndinaona sisitala uja wa foni atawerama pa mayi wina amene ali pa makina opumira. Mutu wa bedi unali wokwezedwa madigiri 30. Dzanja lina anagwira kamswachi ka ana, lina kapaipi koyamwa madzi, akutsuka dzino limodzilimodzi mozungulira chubu, mpaka lilime. Munthu wotere satsokomola, sameza, ndipo m'masiku ochepa m'kamwa mwake mumadzaza mabakiteriya a m'chipatala amene amatsetsereka m'mbali mwa chubu n'kukayambitsa chibayo. Anandiona n'kunena osadzutsa mutu, "Mwabwera kudzabwezanso?"

Ndinati ayi. Anandilozera ndi chibwano kabotolo kali pa tebulo, ka mmodzi mwa anayi a Lolemba aja. Anam'dzutsa m'mamawa, kum'chukuchitsa m'kamwa ndi madzi, kum'khazika tsonga mpaka anatsokomola zenizeni. Makhololo olimba, achikasu. Ndinakatenga n'kutsika nako, ndipo wophunzira uja anali atayatsa kale maikulosikopu.