Zolemba za maphunziro anga: pa ndege za maulendo afupiafupi, nkhani yagona pa pulopela

Anthu ambiri akaona ndege ya mapulopela itaima pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka amaiyesa yachikale. Komatu mkati mwa Dash 8 Q400, mtundu womwe Malawi Airlines imauluka nawo, muli injini ya banja limodzi ndi ya jeti: kompresa imapanikiza mpweya, mafuta a Jet A-1 amayaka mumpweyawo, ndipo mpweya wotenthawo umazunguza gudumu la masamba lotchedwa turbine. Chosiyana n'chakuti mu injini yotereyi yoyendetsa pulopela, yotchedwa turboprop, pafupifupi mphamvu yonse imatengedwa ndi shafiti kupita ku pulopela. Utsi wotuluka kumbuyo umakankha pang'ono chabe.

Pa zonse zomwe ndawerenga pa phunziroli, ndikuona kuti wophunzira akamvetsa kapendekedwe ka masamba a pulopela, zina zonse zimalongosoka zokha. Kusunga mafuta kumachokera pamenepo, ngozi zingapo zoopsa zachokeranso pomwepo.

Tiyambe ndi mafuta. Ndege imapita kutsogolo pokankhira mpweya kumbuyo. Mutha kukankha mpweya wochepa mwaliwiro kwambiri, kapena mpweya wochuluka pang'onopang'ono, mphamvu yokankha n'kukhala yofanana. Koma mphamvu yotayika mumpweya wotsalira kumbuyo imakula msanga: liwiro la mpweyawo likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe kilogalamu iliyonse ya mpweya imapita nayo imawirikiza kanayi. Pulopela ya Q400 ndi ya masamba 6, yotambalala mamita 4.11, ya ATR 72-600, mtundu wina wa turboprop, ndi ya masamba 6nso, mamita 3.93. Zimagwira mpweya wambiri n'kuukankha mosathamangitsa, n'chifukwa chake pa liwiro lapakatikati zimamwa mafuta ochepa kuposa jeti ya mipando yofanana.

Malire ake ali kunsonga za masamba. Pulopela ya Q400 imazungulira ka 1,020 pa mphindi ponyamuka, ka 850 ikakhazikika m'mwamba. Tiwerengere: nsonga imayenda mamita 12.9 pa kuzungulira kumodzi, ndiye pa 850 ikuyenda mamita pafupifupi 183 pa sekondi. Ndegeyo payokha ikupita kutsogolo mamita pafupifupi 185 pa sekondi, omwe ndi makilomita 667 pa ola. Ziwirizi zikaphatikizana mopingasana, china chozungulira china cholunjika kutsogolo, nsonga ikudula mpweya pa mamita pafupifupi 260 pa sekondi, pomwe phokoso pa mafiti 25,000 limayenda mamita pafupifupi 310. Ikayandikira kuposa apo, mpweya umayamba kusweka pansonga, phokoso limakula, mphamvu imatayika. Apa m'pamene pamafunikira giyabokosi. Mu injini za PW127 za ATR, turbine yoyendetsa pulopela imazungulira pafupifupi ka 20,000 pa mphindi, giyabokosi n'kutsitsa kufika pa 1,200.

Nanga kuchedwa kwake? Kuchokera ku bwalo la Kamuzu kukafika ku Chileka molunjika ndi makilomita pafupifupi 250. Jeti yothamanga makilomita 800 pa ola ingatenge mphindi 19, Q400 mphindi 22, ATR 72 ya makilomita 510 pa ola mphindi 29. Ndipo chiwerengerochi chikuikondera jeti, chifukwa pa mtunda wotere imati ikangomaliza kukwera yayamba kale kutsika, osafika m'mwamba momwe injini yake imasunga bwino mafuta. M'malo ambiri ndege zonse siziloledwanso kupitirira liwiro la ma knot 250 (makilomita pafupifupi 460 pa ola) zili pansi pa mafiti 10,000. Mphindi zochepa zomwe jeti imapulumutsa sizilingana ndi mafuta omwe yawotcha. Mtunda ukafika makilomita 1,000 ndi kupitirira, nkhani imayamba kutembenuka.

Tsopano kapendekedwe kaja. Woyendetsa turboprop amakhala ndi zogwirira ziwiri pa injini iliyonse. Power lever imaonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Condition lever imasankha liwiro la pulopela, imaika masamba pa feather (kuwalozetsa kumene mphepo ikuchokera), ndiponso imatseka mafuta. Akakankha power lever, pulopela sithamanga kuposa kale ayi. Makina oyang'anira liwiro amatumiza oyilo wopanikizika m'mutu wa pulopela, masamba amapendekeka kwambiri n'kuluma mpweya wochuluka, liwiro limakhala pomwepo. Motero mphamvu ya injini siyiwerengedwa pa kuzungulira kwa pulopela koma pa geji ya torque, yomwe ndi mphamvu yopotokola shafiti, pamodzi ndi geji ya ITT yoonetsa kutentha kwa pakati pa ma turbine. Wophunzira amene wazolowera galimoto, pomwe phokoso likakwera ndiye kuti mphamvu yakwera, ayenera kuchotsa maganizo amenewo msanga.

Ndege ikatera, power lever imabwezedwa kumbuyo kudutsa pachotchinga, masamba amagona mpaka kutembenuka n'kumakankhira mpweya kutsogolo. Ndicho chimodzi mwa zifukwa zomwe ndegezi zimaimira pa msewu waufupi. Chotchingacho chilipo chifukwa kulowa mbali imeneyo ndege ili m'mwamba kumathamangitsa pulopela mopyola muyeso ndipo ndege ikhoza kugwa.

Feather ndi pomwe masamba amatembenuzidwa mpaka kuloza kumene mphepo ikuchokera, monga mmene wopalasa bwato amatembenuzira nkhafi cham'mbali kuti idutse m'madzi osakoka. Injini ikazima masamba ali chigonere, mphepo imaizunguza pulopela, ndipo pulopelayo imakoka phiko la mbali imeneyo kumbuyo mwamphamvu, ndege n'kumakhotera ku injini yakufayo. Ponyamuka, pomwe liwiro ndi lochepa ndipo nthaka ili pafupi, palibe nthawi yoganiza. Pa ATR pali makina otchedwa ATPCS: ndege imanyamuka ndi torque ya 90 peresenti, ndipo injini imodzi ikafooka makinawo amakweza inayo kufika pa 100 peresenti n'kuika yakufayo pa feather okha.

Ngozi ziwiri zimaphunzitsa bwino mbali imeneyi, ndipo ndimaziwerenga ndi chisoni chifukwa zonse zinali zopeweka. Pa 4 February 2015, ATR 72-600 ya TransAsia itangonyamuka ku Taipei, uthenga wochokera ku kachipangizo koyeza torque unadukiza, injini yachiwiri n'kudziika pa feather. Ndegeyo ikanatha kuuluka ndi injini imodzi. Koma woyendetsa anabweza mphamvu ya injini yoyamba, yabwinobwino, mpaka kuizimitsa. Anthu 43 anamwalira. Pa 15 January 2023 ku Pokhara m'dziko la Nepal, ATR 72-500 ya Yeti Airlines ikukonzekera kutera, ofufuza anapeza kuti m'malo mogwira chogwirira cha ma flap, zigawo za kumbuyo kwa mapiko zomwe zimatsitsidwa potera, mmodzi wa oyendetsa anakoka ma condition lever onse awiri kufika pa feather. Injini zinali kuyakabe, koma mapulopela sankakoka kanthu. Anthu onse 72 anamwalira. N'chifukwa chake lamulo la m'chipinda choyendetsera limati mmodzi aike dzanja pa chogwirira n'kutchula dzina lake, mnzake ayang'ane n'kuvomereza, kenaka ndiye chisunthidwe. Masekondi awiri amenewo si otaya.

Vuto lina limabwera ndi msinkhu womwe ndegezi zimauluka. Q400 ndi ATR 72 nthawi zambiri sizipitirira mafiti 25,000, kutanthauza kuti zimakhalitsa m'mitambo momwe jeti imangodutsa. Wina angaganize kuti ayezi ndi nkhani ya ku Ulaya, koma ngakhale kuno kotentha, kuzizira kumafika pa 0 digiri cha pa mafiti 15,000 kapena 16,000, ndipo mitambo ya m'dzinja imakhala yodzaza madontho ozizira omwe amaundana akangogunda phiko. Kutsogolo kwa mapiko kuli malabala otchedwa ma boot, omwe amafufuma ndi mpweya wochokera ku injini n'kuswa ayeziyo. Masamba a pulopela amatenthetsedwa ndi magetsi. Malabalawo amateteza pokhapo pomwe afika. Pa 31 October 1994 ku Roselawn, Indiana, ATR 72 ya American Eagle inazungulira nthawi yaitali m'mitambo ya madontho akuluakulu, madziwo anayenderera n'kukaundana kuseri kwa malabala, mzere wa ayeziwo unasokoneza mpweya wopita ku ma aileron, zigawo za kunsonga kwa mapiko zopendeketsera ndege, ndege n'kugudubuzika. Anthu 68 anamwalira, ndipo pambuyo pake malabala a ATR anakulitsidwa. Zoyenera kuchita n'zodziwika: kusunga liwiro lokwererapo lomwe buku la ndege limalamula mu ayezi, kuyang'ana mawindo a m'mbali ngati ayamba kuundana, kuchotsa autopilot, makina oyendetsa ndege okha, kuti manja amve zomwe ndege ikuchita, ndi kupempha kutsika kapena kupatuka nthawi yomweyo.

Kutentha kwa pansi nako kumadya mphamvu. Bwalo la Kamuzu lili pa mamita pafupifupi 1,230 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe mabuku a ndege amayembekezera kutentha kwa madigiri 7. Masana a October kukafika madigiri 32, mpweya umapepuka ngati wa pa mafiti pafupifupi 7,000 (mamita pafupifupi 2,100). Injini imafika pa malire a ITT isanapereke torque yonse, masamba amagwira mpweya wochepa, msewu wofunika umatalika. Kulemera kololedwa kumatsika, ndipo nthawi zina katundu amatsala pansi ngakhale mipando ilipo.

Kwa amakaniko, ntchito ya tsiku ndi tsiku ilinso pa pulopela ndi giyabokosi. Tsamba lililonse limayang'anidwa m'mphepete ngati lagundidwa ndi mwala, chifukwa kachibowo kakang'ono ndiko poyambira mng'alu. M'mabwalo a fumbi ndi miyala, oyendetsa amasiya kukankhira mpweya kutsogolo liwiro likangotsika kuti pulopela isadzitolere miyala. Mu giyabokosi muli kamaginito kotola tizitsulo ta mu oyilo, ndipo tikapezekapo ndiye kuti giya kapena bering'i yayamba kudyeka. Polizanso injini, batire yofooka imazunguza kompresa mochedwa, mafuta amayaka mpweya uli wochepa, ITT imakwera mofulumira. Dzanja limayenera kukhala pa condition lever kuti mafuta atsekedwe geji isanadutse malire, apo ayi mbali yotentha ya injini iyenera kutsegulidwa ndi kuyezedwa ndegeyo isanaulukenso.