Telala amene analeka kunena kuti "mubwere mawa"

Bizinesi yathu inayamba ndi makina amodzi opalasa ndi mapazi amene malemu mayi anga anandisiyira, pamodzi ndi sizasi yaikulu yakuda imene mpaka lero sindilola munthu kudulira pepala. Ndinkasokera pakhonde. Ntchito zoyamba zinali zomwe telala aliyense amayambira: kupinda mathalauza otalika, kusintha zipi yakufa, kuika zigamba pa mayunifolomu a ana. Lero tili ndi chipinda chathuchathu, makina asanu kuphatikizapo a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu kuti ulusi usamasuke, ndipo ndimagwira ntchito ndi anzanga anayi. Anthu akandifunsa kuti shopu inakula bwanji, amayembekezera kuti ndinene za makinawo. Ine ndimayambira pa tsiku limene ndinazindikira kuti ndine mayi wa mu mpingo amene amanama tsiku lililonse.

Bodza la atelala palibe amene salidziwa. Munthu akabwera ndi nsalu n'kufunsa kuti chovala chitha liti, pakamwa pamangotuluka "Lachisanu" usanaganize n'komwe. Ukudziwa bwino kuti patebulo pali ntchito ya masabata awiri, koma ukuopa kuti ukanena zoona anyamula nsalu yake kupita kwa mnzako. Lachisanu likakwana umati, "Mubwere mawa, kwangotsala mabatani," pamene nsaluyo sinaone n'komwe sizasi. Ndinachita zimenezi zaka zambiri osaziwerengera ngati tchimo. Ndinkati ndi mmene ntchito yathu imayendera. Lamlungu ndinkaimba nawo kwaya, m'mawa ndinkapemphera ndisanatsegule chitseko, ndipo pakhoma ndinali nditamata Akolose 3:23, vesi lija lonena kuti chilichonse timachita tichichite ndi mtima wonse, monga kwa Ambuye.

Ndiye kunabwera agogo ena ndi nsalu ya diresi loti akavale pa ukwati wa mdzukulu wawo. Ankayenda ndi ndodo, mwendo umodzi wotupa, ndipo ankachokera kutali. Ndinawauza Lachisanu. Atabwera ndinati mawa. Atabweranso ndinati Lolemba. Ulendo wachitatu anakhala pa benchi kuti apume, ndipo maso awo anagwera pansi pa tebulo pamene panali jumbo yawo, yomanga mfundo yomwe anamanga okha tsiku loyamba. Sanakalipe ayi. Anadzutsa mutu, n'kuwerenga vesi lapakhoma lija pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kenako anati, "Mwana wanga, ukanangondiuza zoona tsiku loyamba lija. Mwendo uwu sunandilole kubwera katatu." Anatola jumbo yawo n'kumapita. Sindinawaonenso, ndipo mpaka pano ndimawapempherera ngati munthu amene ndili naye ngongole.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mawu a Yesu pa Mateyu 5:37, akuti inde wathu akhale inde ndipo iyayi akhale iyayi, ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinkawaika ku nkhani zikuluzikulu za malumbiro ndi milandu. Sindinaganizepo kuti akunenanso za "Lachisanu" wanga. Yakobo 5:12 amabwereza mawu omwewo, ndipo iye amayamba ndi kunena kuti zimenezi ziposa zonse.

Kutacha ndinagula kope lalikulu. Ndinakhala pansi n'kuwerengera moona mtima kuti chovala chilichonse chimandidyera nthawi yaitali bwanji: diresi wamba tsiku limodzi, suti yokhala ndi lainingi masiku 3 kapena 4, diresi la mkwatibwi masabata awiri ngati palibe chosokoneza. Pamwamba pake ndinkawonjezera masiku awiri a matenda ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Munthu akafunsa tsiku, ndinkatsegula kopelo iye akuona, n'kumuuza tsiku lenileni ngakhale litakhala la mwezi wamawa.

Ndisakunamizeni, zinatipweteka. Miyezi yoyamba anthu ambiri ankangoti, "Aa, ndiye kutali," n'kutuluka ndi nsalu zawo. Bambo a kunyumba anandifunsa madzulo ena kuti, "Kodi mayi, ana adya kope limeneli?" Funso lawo linali loona ndipo ndinalibe yankho lokoma. Ena mwa amene anachoka anadzabwerera atatopa ndi "mawa" wa kwina, ena sanabwerenso. Sindimakonda maumboni oti ukangochita chilungamo ndalama zimasefukira sabata yomweyo, chifukwa amagwetsa mphwayi munthu amene wachita chilungamo n'kugona ndi njala. Chimene ndinapeza msanga chinali china: ndinaleka kubisala kuseri kwa katani ndikamva mawu a kasitomala pakhomo.

Bodza limodzi likaululika, anzake amayamba kuonekera. Lachiwiri linali la tepi yoyezera. Munthu akafunsa kuti agule nsalu yochuluka bwanji, telala amadziwa kuti mamita 3 akwana koma amanena 4. Yotsalayo imalowa m'katoni, ndipo mawa imasanduka siketi ya mwana yogulitsa. Ifenso tinali ndi katoni yotero. Tsiku lina ndikuwerenga Levitiko 19:35-36 ndinaona kuti Mulungu poletsa chinyengo pa miyeso akutchula muyeso wa utali, wa kulemera ndi wa kuchuluka. Ndinkaganiza kuti mavesi a masikelo, monga Miyambo 11:1, ndi a anthu ogulitsa zoyeza pa sikelo. Koma utali ndiye ntchito yanga, ndipo tepi imagona pakhosi panga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuyambira pamenepo nsalu yotsala timaipinda bwinobwino n'kuiika m'jumbo pamodzi ndi chovala. Mayi wina anabwerera ali panjira, n'kunena kuti, "Amayi, mwaiwala nsalu yanu m'jumbomu." Nditawauza kuti ndi yawo, anaima kaye pakhomo akundiyang'ana. Tizidutswa tating'ono timene mwini wake wanena yekha kuti sakutifuna ndi timene timasunga.

Chimene chinandichititsa manyazi kuposa zonse ndi nkhani ya malipiro. Mwezi wina ndalama zinavuta, ndipo kutchalitchi ndinali nditalonjeza chopereka cha ntchito yomanga. Ndinapereka lonjezo langa lonse pa tsiku lake, dzina langa n'kuwerengedwa kutsogolo, koma antchito anga ndinawauza kuti adikire sabata imodzi. Lachitatu lake mtsikana amene ndinkamuphunzitsa kusoka anatsalira anzake atapita. Anaima pafupi ndi simbi akupotokola tepi m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, pepani, eni nyumba andipatsa masiku atatu." Apo m'pamene ndinaona kuti ndalama imene ndinaika m'mbale ija inali yake. Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti wantchito wosauka alandire malipiro ake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pomwepo. Yakobo 5:4 amati malipiro obisidwa a antchito amafuula, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye. Ndinakongola ndalama kwa mchemwali wanga n'kulipira onse m'mawa mwake, ndipo ndinawapepesa mmodzimmodzi. Lero ndalama ikalowa, gawo la malipiro ndimalipatula poyamba, ndisanaganize za nsalu, lendi, ngakhale za ine mwini. Kupereka kutchalitchi sindinasiye, koma ndimapereka changa.

Chaka cha 2020 chinatiyesa mwa njira ina. Covid-19 itafika, maukwati anaima, masukulu anatsekedwa, ndipo ntchito ziwiri zimene zimadyetsa telala zinatha nthawi imodzi. Tinapulumukira pa mamasiki a nsalu. Mu June chaka chimenecho bungwe la World Health Organization linalangiza kuti masiki a nsalu akhale a magawo atatu: m'kati nsalu yomwa chinyezi monga thonje, pakati yosefa, kunja yosalowa madzi msanga. Gawo lapakatilo ndi limene linkadula ndi kusowa, komanso ndi limene palibe amaliona masiki akasokedwa.

Kampani ina inafuna kuti tiisokere mamasiki ambiri a antchito ake, oda yoti ikanatisunga miyezi ingapo. Bambo amene anatumidwa kudzakambirana nafe anatseka chitseko n'kunena kuti, "Mayi, tisavutane. Ikani magawo awiri, pa lisiti mulembe atatu, yapamwambayo tigawana. Ndani akang'ambe masiki kuti aone?" Mtima unagunda, chifukwa ndinkadziwa zimene zinali m'kabati mwathu kunyumba. Koma ndinaganiza za munthu amene adzavale masikiwo tsiku lonse akukhulupirira kuti watetezedwa, n'kubwerera madzulo kwa ana ake ndi makolo okalamba. Vesi lotsogolera lija lapakhoma, Akolose 3:22, limachenjeza za kugwira ntchito mongofuna kukondweretsa maso a anthu. Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndisoka atatu ndi kulemba atatu, kapena ndisoka awiri ndi kulemba awiri. Zinazo sindingathe." Anaseka, n'kutenga oda yawo kupita nayo kwina. Miyezi yotsatira tinkagwira theka la tsiku, ndipo malipiro tinachita kugwirizana kuti achepe kwa tonse, kuyambira ine. Anzangawo ndinawauza chifukwa chake osabisa kanthu, pakuti nawonso analipira mtengo wa chisankho changa.

Si onse m'shopu mwathu amene amapemphera monga ine. Mmodzi wa amisiri anga, amene amadula suti bwino kuposa tonsefe, ndi Msilamu. M'mawa timakhala ndi pemphero lalifupi, koma ndi la amene akufuna, ndipo palibe amene malipiro ake kapena ulemu wake umadalira pamenepo. Lachisanu masana iye amapita kukapemphera, ntchito yake timaikonza moti nthawi imeneyo isamupanikize. Makasitomalanso sindiwalalikira ndikuwayeza. Munthu amene watambasula manja, tepi ili m'chiuno mwake, sangathawe, ndipo si bwino kumupezerera. Pa 1 Petro 3:15 akutiuza kuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu. Ofunsa amapezeka. Kawirikawiri amafunsa atapeza nsalu yotsala m'jumbo, kapena akabwera kudzasoketsa chovala cha pamaliro n'kukhala pa benchi nthawi yaitali kuposa imene kuyeza kumafuna.

Ndimalimba mtima ndikakumbukira kuti m'Baibulo muli anthu a singano ndi ulusi. Paulo anakhala ku Korinto chaka ndi miyezi 6, ndipo Machitidwe 18:3 amati ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Koma amene ndimamukonda kwambiri ndi Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9:36-41. Palibe liwu lake ngakhale limodzi limene linalembedwa. Atamwalira, amayi amasiye anaimirira pafupi ndi Petro akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Monga telala ndimadziwa mmene munthu amaonetsera chovala chimene amachinyadira: amachitembenuza kuti uone msoko wam'kati. Atsikana amene ndimawaphunzitsa amadziwa kuti ndikalandira ntchito yawo ndimayamba ndaitembenuza.

Sikuti tsopano sindilakwitsa. Mwezi wathawu ndinadula mkono wa jekete la bambo wina mofupikitsa, ndipo nsalu yotsala sinakwane kudulanso wina. Kunali kutatsala masiku awiri kuti adzatenge. Ndinawaimbira foni nthawi yomweyo n'kuwauza kuti ndalakwitsa ndine, nsalu ina ndigula ndi ndalama zanga, koma jekete lichedwa ndi masiku atatu. Anakwiya kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa. Nditadula foni, mnyamata amene wangoyamba kumene kuphunzira ntchito anati, "Amayi, mukanangowauza kuti makina anawonongeka. Sakanadziwa." Ndinamuuza za agogo a ndodo aja, mmene anawerengera vesi lapakhoma milomo ikuyenda. Anakhala chete. Kenako ndinamupatsa lezala, ine n'kugwira jekete mbali inayo, ndipo tinayamba kumasula msoko wa paphewa.