Zomwe ndaphunzira za makina ophwanya miyala ya mu ndulu

Sabata ino mutu wanga wonse unali pa miyala ya mu ndulu, nde ndati ndilembe zisanauluke. Chinandiyambitsa ndi azakhali anga a ku Ndirande. Akhala akudandaula kupweteka cha kumanja pansi pa nthiti apa, makamaka akadya zonona ngati chipisi kapena nyama yankhumba, ululu wake mpaka kukatulukira kumsana cha paphewa. Atawaunika pa sikani anawapeza ndi miyala, adokotala nkuwauza kuti njira yake ndi opaleshoni yochotsa kathumba konse ka ndulu. Anandiimbira usiku womwewo, akuti "Iwe mwana wa achimwene, si ukuphunzira zachipatala iwe? Ndamva kuti kunjaku miyala amangoiphwanya ndi makina osamung'amba munthu, nanga ine akufuna kundichekeranji?" Ndinangoti "Azakhali, mundipatse masiku awiri ndiwerenge kaye," poti kunena zoona makinawo ndinkawadziwira pa miyala ya mu impso basi.

Njirayo ilipodi, amaitchula mwachidule kuti ESWL, kutanthauza kuphwanya miyala ndi mafunde ochokera kunja kwa thupi. Makina amakhala kunja kwa thupi, amatulutsa mafunde amphamvu odutsa mmadzi, nde mafunde onsewo amawalunjika kuti akakumane pamalo amodzi pomwe pali mwala, monga mmene tinkachitira tili ana kusonkhanitsa dzuwa ndi galasi mpaka pepala kuyamba kufuka. Mnofu poti ndi wamadzimadzi mafundewo amangodutsa, koma akafika pa chinthu cholimba amachimenya mobwerezabwereza mpaka kusweka. Zinayambira ku Munich, ku Germany, mu 1980 pa miyala ya mu impso, makina ake anapanga ndi a Dornier, kampani yomwe inkadziwika ndi kupanga ndege, ndipo makina oyambirirawo wodwala amachita kumuviika mu bafa la madzi. Mu 1985 madokotala a ku Munich komweko anayamba kuyesa pa ndulu, chaka chotsatira mmodzi wa iwo, Tilman Sauerbruch, ndi anzake nkulemba zomwe anapeza.

Apa nde panandizunguza. Ngati pa impso zikuyendabe bwino mpaka lero, pa ndulu zinazilala bwanji? Ndinamvetsa nditatenga pepala nkujambula ziwalo ziwirizi moyandikana. Mu impso mkodzo umangoyenda kutsika usana ndi usiku, mwala ukasanduka mchenga umakokoloka wokha kupita mchikhodzodzo nkutuluka. Ndulu ayi. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku akukadziwa kathumba kobiriwira kaja kamamatira pachiwindi, kaja amayi amati usamale usakaphulitse nyama ingawawe. Ka munthu nako kali choncho, khomo lake ndi limodzi, lopapatiza, polowera pomwepo potulukira pomwepo. Tizidutswa ta mwala tikuyenera kudzipanikiza pakhomo limenelo, kulowa mu njira yaikulu ya ndulu, yomwe isanafike mmatumbo imakumana ndi njira ya pancreas, chiwalo china chothandiza kugaya chakudya. Kachidutswa kamodzi kakatsakamira pamenepo munthu amamva ululu woopsa, maso atha kuchita chikasu, pena pancreas kutupa kumene, matenda oti munthu atha kufa nawo.

Nchifukwa chake akaphwanya samangokusiya, umamwanso mankhwala otchedwa ursodeoxycholic acid kwa miyezi yambiri kuti asungunule zotsalazo, koma mankhwalawa amangogwira pa miyala ya cholesterol yokha, yopangidwa ndi mtundu wina wa mafuta a mthupi. Ndinaganizira anzathu a sickle cell omwe timakumana nawo mmawodi kuno ku Blantyre, iwowa miyala yawo imakhala yakuda, yochokera ku kusweka kwa magazi, nde njira imeneyi siwathandiza. Ngakhale kwa enawo amasankha kwambiri, zimayenda bwino mwala ukakhala umodzi, osaposa masentimita 2, wopanda calcium, kathumba kakhale koti kakufinyabe bwinobwino. Mayi woyembekezera ayi, amene magazi ake savuta kutuluka osasiya ayi, kathumba kakakhala katatupa kale ayinso. Ukasefa chonchi otsala ndi ochepa zedi. Pepala la sikani la azakhali linalembedwa kuti miyala ndi yambiri, basi pomwepo ndinadziwa kuti iwo sali mgulumo.

Koma chomwe chandikhala mumtima kwambiri ndi ichi, olo zonse zitayenda bwino miyala nkutheratu, kathumba kamene kanapanga miyala kaja kali pompo, ndulu yakenso ndi yomwe ija yochuluka cholesterol, nde pakapita zaka anthu ambiri miyala imabweranso. Nthawi yomweyonso kunabwera opaleshoni yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba nkulowetsa kamera, dokotala Erich Mühe anaichita ku Germany mu 1985, dokotala Philippe Mouret ku Lyon, ku France, mu 1987, ndipo imeneyi imachotsa kathumba ndi miyala yake kamodzi nkamodzi. Poyamba ndinkaona ngati madokotala anataya njira yachifundo, pano ndikuona kuti anasankha bwino. ESWL sinafe ayi, amaigwiritsabe ntchito mwala waukulu ukakanirira mu njira ya ndulu moti chipangizo chomwe amalowetsa kukamwa mpaka kukafika mu njirayo chalephera kuukoka, komanso pa miyala ya mu njira ya pancreas.

Lamulungu ndinakwera minibasi kupita ku Ndirande nditatenga kapepala kanga kojambula kaja. Tinakhala pakhonde, ndinawafotokozera pang'onopang'ono, iwo duu kuyang'ana pepalalo, kenako akuti "Nanga akachotsa, ndizigaya bwanji chakudya opanda ndulu?" Ndinawauza kuti ndulu imapangidwa ndi chiwindi, kathumbako ntchito yake nkusunga chabe, kakachoka ndulu izingotsikira mmatumbo pang'onopang'ono, mwina masiku oyamba mmimba mutha kumatseguka akadya zamafuta ambiri. Anapinda pepalalo nkulimanga pa nsonga ya chitenje, akuti akawaonetse amalume, kenako anandifunsa ngati tsiku lokaonana ndi adokotala ndingapemphe kusukulu kuti ndiwaperekeze. Ndavomera.