Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Phulusa Wasiya Mantha

Amene mwakhala mukutsatira mbiriyi mukukumbukira kagalu kotuwa kamene kanafika pakhomo pathu ku Chilomoni kakunjenjemera, mchira uli pakati pa miyendo. Pano Phulusa ali ndi miyezi 7. Munthu akagogoda pageti amathamangira komweko thupi lonse likugwedezeka, pomwe kale ankakabisala kuseri kwa thumba la makala. Ambiri mwafunsa kuti mantha amenewa amatha bwanji, ndiye gawo lino ndi la zimenezo, komanso za ntchito imene imabwera akatha.

Galu wamantha sachira pomukakamiza. Choyamba ndi kumupatsa pobisala pakepake, kaya katoni yaikulu yogoneka chammbali, ndipo akalowa m'menemo pasapezeke womukoka, ngakhale mwana. Munthu azikhala pansi patali ngati mamita 3, chammbali, osamuyang'ana m'maso. Aponye kausipa kamodzi pafupi ndi galuyo n'kukhala chete. Mawa aponye chapafupi pang'ono ndi iye mwini. Wosendera akhale galuyo, osati munthu. Ambiri amalakwitsa apa: galu akangotola chakudya m'manja, amafulumira kumugwira pamutu. Dzanja lochokera pamwamba limamuopsa. Yambani kumukanda pachifuwa kapena pansi pa chibwano, kanthawi kochepa, kenako musiye muone ngati abwereranso yekha.

Thupi lake limakuuzani pamene mwapitiriza. Akamanyambita mphuno pafupipafupi, kuyasamula alibe tulo, kugoneka makutu kumbuyo kapena kutembenuza mutu, bwererani m'mbuyo. Akalira chapakhosi n'kuonetsa mano, musamumenye. Kulirako ndi chenjezo, ndipo galu amene amamenyedwa chifukwa chochenjeza amadzaphunzira kuluma osachenjeza. Nthawi imene kagalu kamazolowera anthu mosavuta ndi kuyambira milungu 3 mpaka 14 kabadwe. Ikadutsa imeneyi zimathekabe, koma zimafuna miyezi. Ndimamva chisoni ndikamva wina akunena kuti galu azimangidwa paunyolo usana wonse kuti akhale wolusa. Galu wotero amaluma mwana wa neba, ndipo wakuba akabwera amathawa.

Mantha akachoka, mphamvu zonse zimene zinali zobisika zimatulukira kumano. Kagalu kamayamba ndi mano 28, ndipo pakati pa miyezi 4 ndi 7 amaguluka n'kumera ena 42. Nkhama zimayabwa, choncho patapata, chingwe cha chaja, mwendo wa mpando, zonse ndi zake. Musamupatse nsapato yakutha kuti azitafuna, chifukwa sangasiyanitse ndi yanu yopitira kutchalitchi. Ng'ambani chitenje chakale mizere itatu, muluke molimba n'kumanga mfundo uku ndi uku. Chingwe chimenechi ndi chokokerana naye, m'mawa ndi madzulo, mphindi 10 kapena 15. Mano akakhudza khungu lanu, masewera athere pompo: pindani manja, mufulatire kwa theka la mphindi, kenako muyambirenso. Kukuwa kapena kukoka dzanja mwachangu iye amakuona ngati masewera akukoma.

Kudumphira alendo kumatha ndi lamulo lomweli, koma pokhapokha nyumba yonse itagwirizana. Mapazi onse anayi akhale pansi, ndiye apatsidwe moni. Mmodzi yekha akamamulola kumukwera, ena nonse mukutunga madzi ndi dengu.

Nkhuku za aneba ndiye zimadanitsa anthu. Galu akangolawa kukoma kothamangitsa nkhuku, kumuletsa kumavuta kwambiri, choncho asapeze mpata woyamba. Mumangeni chingwe cha mamita 5, muime naye patali pamene akuziona nkhukuzo koma sanayambe kulimbitsa thupi. Muitaneni dzina kamodzi, akatembenuka apatsidwe usipa nthawi yomweyo. Akapanda kutembenuka ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Ndipo musamuitane dzina kuti mumukalipire kapena kumutsekera, chifukwa mawa sadzabwera.

Pa chakudya, nsima yotsala yokha sikwanira galu amene akukula. Phulusa amadya kawiri patsiku, monga zimayenera kuyambira miyezi 6 (asanafike apo ndi katatu kapena kanayi). Amadya phala lolimba la mgaiwa magawo awiri, bonya kapena usipa wowiritsa wopanda mchere gawo limodzi, ndi maungu pang'ono. Anyezi, adyo ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, choncho msuzi wa ndiwo zathu asamapatsidwe. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Mankhwala a makoswe asakhale pansi paliponse, chifukwa galu wosewera amanyambita chilichonse.

Katemera wa chiwewe amabayidwa galu akakwana miyezi 3, ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Kuno ku Blantyre tili ndi mwayi, a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere kuyambira mu 2015. Sungani kakhadi kake bwinobwino, ndi kamene kadzakuyankhireni galu akadzakanda munthu. Wina akalumidwa ndi galu aliyense, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a njoka zam'mimba, galu akapitirira miyezi 6, ndi kamodzi pa miyezi 3 iliyonse.

Nyengo ya mvula imabwera ndi mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira m'dothi kapena pansanza zimene zanyowa ndi mkodzo, ndipo galu akagonapo timphutsi timalowa pakhungu. Mudzaona chotupa chokhala ndi kabowo pakati, kawirikawiri pamimba kapena pamapazi. Pakani Vaseline pabowopo kuti mphutsiyo isowe mpweya, dikirani pang'ono, kenako finyani mofatsa kuchokera m'mbali kuti ituluke yathunthu. Ikaphulikira m'kati balalo limachita mafinya. Chogonera chake chizichapidwa n'kuuma gwa, ndipo chisakhale padothi.

Musadabwe mantha akabwererako pang'ono. Agalu ambiri a msinkhu wa Phulusayu amayamba kuopa mwadzidzidzi zinthu zimene anali atazizolowera. Mabingu ndi makombola a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndiye amawathawitsa kumene. Usiku wotero alowe m'nyumba kusanade, wailesi ikhale yotsegula, ndipo katoni yake ija ikhalepo ngakhale wakula.

Chatsala kwa Phulusa ndi nkhani yobereka. Galu wamkazi amatha kuyamba kufuna amuna ali ndi miyezi 6 mpaka 12, nyengoyo imatenga milungu iwiri kapena itatu, ndipo bere lake ndi la masiku pafupifupi 63. Ine ndasankha kuti dokotala wa ziweto amutseke asanatenge bere, chifukwa tiagalu tosowa pokhala tachuluka kale m'misewu ya Blantyre. Za opaleshoniyo ndi kasamalidwe ka bala lake ndidzalemba m'gawo 15.