Zikomo abale a mu Harare, mwana wathu watuluka m'chipatala

Makolo athu, abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Epworth ndi Mabvuku, nonse amene munkaimba foni kufunsa za mwana wathu wamkazi uja, dziwani kuti watuluka m'chipatala. Ali kunyumba, phala akumwa, ndipo wayamba kale kukanganirana foni ndi achimwene ake. Ine ndi mayi ake sitingathe kufika pakhomo lililonse, choncho landirani mawu anowa ngati kuti tabwera tokha kudzawomba m'manja.

Ambiri mutamva kuti ndi malungo munadabwa, ena mpaka kundifunsa kuti, malungo mu Harare muno? Mwanayu anakawatengera kwathu ku Nkhotakota, kumene tinapita m'dzinja kukaika agogo ake. Tinayenda njira yathu ija ya Nyamapanda, Tete mpaka Dedza. Pamaliro mukudziwa mmene zimakhalira: anthu amachezera pabwalo, ana amagonekedwa paliponse pamene papezeka mphasa, za masikito palibe amene amaziganizira. Tinabwerako ali bwinobwino. Tizilombo ta malungo timayamba tabisala m'chiwindi kwa sabata kapena kupitirira apo tisanalowe m'magazi, ndiye pamene thupi linayamba kutentha, ulendo uja unali utatha kale. Pachipatala chaching'ono chimene tinayambira anati ndi chimfine, natipatsa Panado. Sindikuwadandaula kwambiri. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, ndipo chifukwa cha kuzizira malungo safala muno monga amachitira ku Mudzi, ku Mutoko kapena kuchigwa cha Zambezi. Mwana wa mu Harare akatentha thupi, malungo si chinthu choyamba chimene anthu amaganiza.

Zikomo yanga yoyamba ipite kwa agogo a nyumba yoyandikana nafe, namwino wopuma pantchito amene anagwira zaka zambiri kumadera a malungo ku Mashonaland East. Atangomuona mwanayo ali lefuu, akusanza, anafunsa funso limodzi lokha m'Chishona chawo: kodi mwayendako kunja kwa Harare posachedwapa? Titatchula Nkhotakota anaimirira pomwepo n'kuti nyamukani, musadikire kuti kuche. Agogo, funso lanu lija ndi limene linapulumutsa mwana wathu. Ndithokozenso achimwene oyendetsa kombi amene anadzuka pakati pa usiku n'kutitengera kuchipatala chachikulu. Mwana anayamba kukomoka tili m'njira, iwo osatekeseka, ndipo ndalama ya mafuta anaikana mpaka lero.

Kuchipatalako anamubaya chala, n'kudonthezera magazi pa kachipangizo koyezera kaja, ndipo mphindi 20 zisanakwane mizere iwiri inaonekera. Adokotala anatiuza mosabisa kuti ndi malungo aakulu amene afika ku ubongo. Pomuyeza ngati akutsatira chinthu ndi maso, ngati akulira, ngati akubweza dzanja akamutsina, ndinamva akutchula Blantyre, ndiye ndinafunsa. Anandifotokozera kuti njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo imatchedwa Blantyre Coma Score, chifukwa inakonzedwa ku Blantyre ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, omwe ankathandiza ana pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo lero ikugwira ntchito m'mayiko ambiri. Muyezowo umayambira pa 0, mwana akakomokeratu, kulekeza pa 5, akakhala kuti watsitsimuka bwinobwino. Wathuyu usiku umenewo anali pa 2. Adokotala, zikomo chifukwa chotiyankha ngati anthu, pa nthawi imene odwala anali mbwee m'chipinda chonse.

Anamuyamba jakisoni wa artesunate wodzera mumtsempha. Achikulire mukukumbukira kwinini wa m'dripi amene ankasiya makutu akulira. Masiku ano pa malungo aakulu bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa artesunate chifukwa amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini. Amabaya woyamba, wina pakatha maola 12, wina pakatha maola 24, ndipo anamwino a usiku sanaphonye ngakhale kamodzi. Anamwino inu, ndinakuonani mukusinthana m'bandakucha maso ali psuu ndi tulo, koma mukumutembenuza mwana wathu mwachifundo ngati wanu yemwe. Mayina anu sindikuwalemba pano, koma m'nyumba mwathu akutchulidwa m'mapemphero.

Magazi ake anali atachepa kwambiri, popeza tizilomboti timaswa maselo ofiira, ndipo anafunika kumuthira ena. Amene anapereka magaziwo ku National Blood Service Zimbabwe sitidzamudziwa. Ngati munaperekapo magazi chaka chino, tengani zikomo ameneyu ngati wanu. Atatsitsimuka n'kuyamba kumeza, anamupatsa mapiritsi amene kwathu timawatcha LA, kuno amati Coartem, omwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo anatilangiza kuti azimwera mkaka kapena chakudya cha mafuta kuti alowerere bwino m'thupi.

Amayi a Chigwirizano a mpingo wathu wa CCAP, inu ndiye mwatisenza. Munagawana masiku popanda wokutumani, wina phala m'mawa, wina nsima madzulo, wina kugona kunyumba ndi anyamata athu kuti asajombe kusukulu. Abusa ndi amayi busa, zikomo chifukwa cha mapemphero, komanso chifukwa chouza poyera m'tchalitchi kuti mwana akakomoka athamangire naye kuchipatala, mapemphero atsatira komweko. Mawu amenewo anafunika kunenedwa, poti analipo ena amene ankanong'oneza kuti izi n'za kumaliro, tikaombeze. Abale athu achiyawo a kumzikiti wa ku Mbare munabwera ndi shuga, sopo ndi ndalama, ngakhale sitipemphera pamodzi, Mulungu akubwezereni. Amayi a mukando, gulu lathu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, munalumphitsa mzere kuti mayi a kunyumba alandire mwezi umene sunali wawo. Achibale a ku Lilongwe ndi ku Joni munatumiza zimene munali nazo.

Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi cha gulu lathu lothandizana pa maliro. Malamulo ake amati ndalama zituluke munthu akamwalira. Akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti kuli bwino agulire mwana mankhwala kusiyana n'kudikira kudzagula bokosi. Ine ndikuona kuti lamulo limeneli tikalikonze pamsonkhano ukubwerawu, kuti wina akadzadwalitsa asadzachite kudalira chisomo cha komiti.

Ndili ndi pempho kwa inu amene mukukonzekera ulendo wakumudzi pa Khirisimasi, kapena amene uthenga wa maliro ungakupezeni mwadzidzidzi. Ana athu obadwira muno alibe chitetezo cha m'thupi chimene anzawo a m'mbali mwa nyanja amakhala nacho atadwala malungo kangapo. Ngakhale ife akuluakulu amene tinakulira ku Salima, Nsanje kapena Mangochi, tikakhalitsa muno chitetezocho chimatha. Ikani masikito m'chikwama, poti udzudzu wa Anopheles umene umafalitsa malungo umaluma kwambiri usiku. Funsani kuchipatala za mapiritsi oteteza musananyamuke. Mukabwerako, aliyense akatentha thupi, musadikire kufunsidwa: uzani namwino kumene munali ndipo pemphani kuti ayeze magazi tsiku lomwelo. Malinga ndi WHO, m'chaka cha 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, pafupifupi onse a muno mu Africa, ndipo atatu mwa anayi aliwonse anali ana osakwana zaka zisanu. Ndinkamva ziwerengero zoterezi pawailesi, koma tsopano ndaona mabedi ake.

Inu a kumudzi, katemera wa malungo uja anayambira kwathu komweko, mu Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya, WHO isanavomereze mu 2021 kuti aperekedwe kwa ana m'mayiko ena. Ngati akuperekedwa pachipatala cha kwanuko, pititsani ana kuyambira miyezi isanu ndipo amalize maulendo onse anayi. Katemerayu amachepetsa malungo aakulu, koma masikito musawasiye, ndiponso musawasandutse ukonde wophera usipa kapena mpanda wa dimba monga ndinaonera ku Nkhotakota.

Lamulungu likubwerali tidzakhala ndi mwambo wothokoza pa mapemphero a m'mawa, kenako tiyi kunyumba kwathu. Nonse mwaitanidwa, a mpingo uliwonse. Mwanayu akuyenera kubwereranso kuchipatala kukayezedwa magazi ndi makutu, choncho musaleke kumukumbukira. Ndipo amayi amene mapoto, mabakuli ndi mafulasiki anu adakali kwathu, tawatsuka ndipo tidzabwera nawo kutchalitchi, aliyense adzazindikire wake.