Ndowa ya amayi inandipezera mutu wa pepala

Aphunzitsi athu anati aliyense alembe pepala la masamba 10 lolumikiza fizikisi, filosofi ndi mbiri ya sayansi. Ine ndinawapititsira mutu wakuti "Einstein ndi nthawi". Anangouyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Wakula kwambiri uwu. Mubwere ndi funso limodzi loti mungaliyankhe."

Ndinapita kutchuthi kwathu ku Nkhotakota nditanyamula mitu itatu. Mlandu wa Galileo wa mu 1633 ndinausiya msanga, anzanga angapo anali atautenga kale. Kadamsana wa mu 1919, pamene katswiri wa zakuthambo Eddington anakajambula nyenyezi pachilumba cha Príncipe ku Africa, anandikopa kwambiri, koma masamu ake sitinafikepo m'kalasi. Unatsala mutu wa ndowa ya madzi yozungulira, umene Newton anafotokoza m'buku la Principia mu 1687.

Ndinati ndiyambe ndaziona ndi maso anga. Ndinamangirira ndowa ya amayi kunthambi ya mtengo wa mango, n'kupotokola chingwe mpaka chinalimba, n'kuthiramo madzi theka, kenako ndinaisiya kuti izungulire. Poyamba inazungulira ndowa yokha, madzi ali phee. Pang'ono ndi pang'ono nawo anayamba kuzungulira, n'kukwera m'mbali, pakati n'kulowa ngati mbale. Nditaigwira ndowayo kuti iime, madzi anakhalabe olowa pakati.

"Iwe, madzi otunga kumjigo amenewo ukutani nawo?" anafunsa amayi. Ndinawapempha kuti abwere adzaone, ndipo tinabwereza kawiri.

Funso langa linabadwira pamenepo: madziwa akamakwera m'mbali, amakhala akuzungulira poyerekeza ndi chiyani? Si ndowa ayi, pakuti amakwera ngakhale akuyendera limodzi ndi ndowayo. Newton anati ndi danga lenilenilo (malo amene zinthu zonse zilimo), limene silisuntha. Katswiri wa fizikisi Ernst Mach anatsutsa mu 1883 kuti danga lotere palibe analiona, chimene tingayerekeze nacho ndi dziko ndi nyenyezi zakutali. Einstein anatengeka nawo maganizo amenewa, mpaka mu 1918 anawatcha mfundo ya Mach. Ine mtima wanga uli kwa Mach, ngakhale ndowa ija imandikumbutsa kuti Newton sankangolota.

Usiku womwewo ndinalemba funsolo m'chiganizo chimodzi, ndi magawo atatu pansi pake, n'kuwatumizira aphunzitsi pa WhatsApp. M'mawa anavomera, koma anati ndiyambe ndawerenga mawu a Newton mwini wake ndisanakhudze zimene ena analemba za iye.